Listonia wa ku Magomero: Mbiri ya Banja la Livingstone la ku Lismore

Dzina loti Livingstone limapezeka kawiri m'mbiri ya Magomero. Koyamba ndi m'chaka cha 1861, pamene David Livingstone anaperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA kudzamanga misasa m'mphepete mwa mtsinje wa Namadzi, m'dziko la mfumu Chigunda. Mishoniyo sinakhalitse. Nkhondo ndi matenda zinawapanikiza, bishopu anamwalira mu Januwale 1862, ndipo otsalawo anasamukira kuchigwa cha Shire chaka chisanathe. Kachiwiri dzinali linabwera ndi munthu wina, William Jervis Livingstone, amene anafika m'chaka cha 1893 nakhala pamalopo zaka zoposa makumi awiri. Anthu a m'midzi analikhotetsa dzina lakelo kuti ligwirizane ndi lilime lawo, ndipo ankamutchula kuti Listonia. Ambiri amadziwa za imfa yake. Ochepa okha ndi amene amadziwa kumene anachokera ndi kumene mbumba yake inathera.

Kwawo kwa munthuyu kunali ku Lismore, chilumba chaching'ono, chowonda ndi chachitali, kumadzulo kwa Scotland m'chigawo cha Argyll. M'Chigeliki, chinenero cha makolo a kumeneko, dzina la chilumbachi limatanthauza munda waukulu, chifukwa nthaka yake ndi yachonde poyerekeza ndi mapiri amiyala ozungulira. Banja la a Livingstone a pamalo otchedwa Bachuil silinali lolemera, koma linali ndi udindo umene linkaunyadira koposa chuma. Iwo ndiwo anali osunga ndodo yaubusa ya Moluag, mlaliki wochokera ku Ireland amene anakhazikitsa mpingo pachilumbapo ndipo anamwalira m'chaka cha 592. Chikalata cha m'chaka cha 1544 chinatsimikiza kuti banjali likhale ndi kamunda kake chifukwa cha udindo umenewu, ndipo mkulu wa banja ankadziwika ndi dzina laulemu loti Baron of Bachuil. Aliyense wodziwa ulemu umene mbumba imapereka kwa wosunga mpando kapena ndodo ya ufumu saona chachilendo pamenepa.

William anabadwira m'banja limeneli m'chaka cha 1865. Bambo ake, Alexander, anali mbusa wa mpingo wa Baptist, mfundo imene owerenga aisunge pamtima chifukwa ikubweranso kutsogoloku. Lismore ya ubwana wake inali dziko lotha anthu. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 eni malo olemera anachotsa mabanja ambiri a alimi ang'onoang'ono pofuna kuti minda isanduke mabusa a nkhosa, monga zinkachitikira m'madera ambiri a kumapiri a Scotland. Chilumba chimene chinali ndi anthu oposa 1,000 lero chili ndi anthu pafupifupi 200 okha. Choncho mnyamatayu anakula akuona mabwinja a anthu olandidwa malo, ndipo ankadziwa bwino tanthauzo la kukhala pamalo a mwini.

Chimene chinamubweretsa ku Africa ndi dzina lake lomwelo. Alexander Low Bruce, munthu wachuma wa mumzinda wa Edinburgh amene anakwatira Agnes, mwana wa David Livingstone, anapeza malo aakulu kumapiri a Shire. Gawo la Magomero lokha linali maekala oposa 160,000, ndipo kunalinso malo ena ku Likulezi, kufupi ndi phiri la Mulanje. Bruce anamwalira m'chaka cha 1893 asanawapondepo malowo, ndipo anasiyira ana ake. Pankafunika munthu woyang'anira, ndipo William ndiye anapatsidwa ntchitoyo. Iye ankadziwerengera kukhala wachibale wa David Livingstone, pakuti agogo a mmishonale uja anachokera ku Ulva, chilumba china cha m'chigawo chomwecho. Chibalecho chinali cha mfunda ndi mbiri ya pakamwa basi, koma chinakwanira kumutsegulira khomo. Tsono m'pofunika kumvetsa kuti Listonia sanali mwini wa Magomero. Anali wolembedwa ntchito, wolandira malipiro, woyembekezeredwa kutumiza phindu kwa eni ake kutsidya la nyanja.

Phindulo linavuta. Khofi amene anayamba kubzala anakanika, ndipo mitengo yake pamsika wa dziko lonse inagwa. Atayesa zina ndi zina anatembenukira ku thonje, ndipo pamenepa tiyenera kumupatsa zake: anali mlimi wakhama, ndipo mtundu wa thonje wotchedwa Nyasaland Upland, umene unkachita bwino kumtunda kozizira, unakhwimira m'manja mwake ku Magomero. Koma thonje ndi mbewu yadyera. Imafuna manja ambiri pobzala ndi popalira, ndipo imawafuna m'dzinja, nyengo yomweyo imene munthu aliyense amafunika m'munda wake wa chimanga ndi mapira. Kampani inalibe ndalama zolipira bwino antchito. Inali ndi chinthu chimodzi chokha chochuluka, ndicho malo.

Nthawi yomweyo kunali anthu ofuna malo. Kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, magulumagulu a Alhomwe ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho, ntchito yakalavulagaga ndi nkhanza za Apwitikizi, ndipo pambuyo pake njala. Atsamunda ankawalemba ndi dzina lonyoza loti Anguru. Anthuwa analibe mfumu yowalandira kapena munda wa makolo kuno, choncho akapatsidwa pomanga pa esiteti sakanatha kukana zimene mwini malo walamula. Akakana, apita kuti? Umu ndi momwe alendo a mitundu iwiri anakumanirana pa Magomero, wina wochokera kuchilumba cha kutali, ena ochokera kuseri kwa mapiri, ndipo wina anagwira kaundula pamene enawo anagwira makasu.

Mawu oti thangata asanaipitsidwe anali mawu okoma. Kuthangata kunali kuthandiza mnansi kulima kapena kufolera nyumba, mwinanso kuthandiza mfumu, mwaufulu ndi mobwezerana. Pa esiteti mawuwa anasanduka dzina la ntchito yolipirira malo okhala. Papepala zinkaoneka zopepuka: mwezi umodzi wa lendi, ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Boma nalo linakankhira anthu kumeneko, pakuti kuyambira m'chaka cha 1912 msonkho unali masheleni 8, koma wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu ankalipira 4 okha. Ku Magomero mwezi unkatanuka ngati mphira. Tsiku limene munthu sanamalize ndime yake silinkawerengedwa, ndipo miyezi iwiri inkatha kusanduka inayi kapena kuposerapo, yonse ya m'dzinja. Malipiro ena ankaperekedwa ndi fodya m'malo mwa ndalama. Amayi amasiye ndi osakwatiwa, amene mwambo unkawateteza, nawonso ankakakamizidwa kulowa m'munda wa thonje. Akapitawo ndiwo ankayang'anira ndime, ndipo ena a iwo anapatsidwa midzi naikidwa kukhala mafumu ndi kampani, osati ndi mbumba. Pamwamba pa zonsezi panali chikoti ndi mtima wapachala wa Listonia mwini.

Pakati pa zimenezi munthuyu anamanganso banja. M'chaka cha 1908 anakwatira Katherine MacLachlan, amene ankadziwika kuti Kitty, ndipo anabwera naye ku Magomero. Mwana wawo wamkazi anamutcha Nyasa, dzina la nyanja ya dziko limene anabadwiramo, ndipo m'chaka cha 1914 kunabadwa wamwamuna, Alastair. Kholo silipatsa mwana dzina la dziko limene likulida. Zikuoneka kuti Listonia ankaona Magomero ngati kwawo, ngakhale kuti anthu ozungulira nyumba yake ankamuona ngati chilombo. Zonse ziwiri zingathe kukhala zoona, ndipo mbiri yosankha chimodzi chokha imakhala yopunduka.

Chaka chomwecho cha 1908 ndi chimene Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu weniweni wa David Livingstone, anabwera kudzakhala m'dziko muno ndi kugwira yekha chiwongolero cha kampani. Iyeyu sankafuna sukulu kapena tchalitchi pamalo ake, poganiza kuti munthu wakuda akaphunzira amayamba mwano. Koma kumalire kwa esiteti, pa Mbombwe, panali Providence Industrial Mission imene mbusa John Chilembwe anaikhazikitsa m'chaka cha 1900 mothandizidwa ndi Abaptisti akuda a ku America. Alhomwe ambiri a pa esiteti ankapemphera kumeneko, ndipo anayamba kumanga timatchalitchi taudzu m'midzi yawo, timene tinkagwiranso ntchito ya sukulu. Lamulo la Bruce linali loti tigwetsedwe, ndipo wolikwaniritsa anali Listonia. M'chaka cha 1913 timatchalitchito tinatenthedwa. Mwana wa mbusa wa Baptist anayatsa nyumba zopemphereramo Abaptisti, pamalo a mdzukulu wa mmishonale. Pa zilonda zonse za ku Magomero, ichi ndicho chinakana kupola.

Nkhondo yaikulu ya 1914 inathira mchere pachilondapo. Amuna anatengedwa kukakhala asilikali ndi amtengatenga, ndipo ena anafera ku Karonga mu Seputembala chaka chomwecho pa mkangano wa Azungu okhaokha. Chilembwe analemba kalata yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, koma boma silinalabadire.

Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, gulu la anthu a Chilembwe linazinga nyumba ya ku Magomero. Ambiri mwa iwo anali anthu a pa esiteti pomwepo, odziwa khomo lililonse. Listonia anabayidwa ndi mikondo m'nyumba mwake, nadulidwa mutu mkazi wake ndi ana ali pomwepo. Usiku womwewo Duncan MacCormick, wantchito mnzake, anaphedwa panyumba yake chapafupi, ndipo Robert Ferguson anaphedwa ku Mwanje, gawo lina la esiteti. M'mawa mwake, Lamulungu, mutu wa Listonia unaonetsedwa pa mapemphero ku Mbombwe. Zimenezi n'zowawa kuzilemba ndipo sizifuna kukometsera. Koma palinso china chimene chiyenera kulembedwa pambali pake. Chilembwe analamula kuti amayi ndi ana asakhudzidwe, ndipo lamulolo linasungidwa. Kitty, Nyasa, khanda Alastair ndi amayi ena achizungu anatengedwa usikuwo, anayendetsedwa m'tchire, ndipo patapita masiku ochepa anamasulidwa amoyo, opanda bala.

Kubwezera kwa boma kunalibe malire otere. Tchalitchi cha njerwa cha pa Mbombwe chinaphulitsidwa, midzi inatenthedwa, Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi malire a Mozambique, anthu pafupifupi 40 anaphedwa ataweruzidwa mofulumira, ndipo ena pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Bungwe lofufuza limene linatulutsa lipoti lake m'chaka cha 1916 linavomereza kuti anthu a pa esiteti ya Bruce ankazunzidwa, ndipo mlandu waukulu linausenzetsa Listonia. Wakufa sayankha mlandu. Alexander Livingstone Bruce, amene anakonza malamulo a pamalopo ndi kuletsa sukulu, anali ndi mpando m'bungwe lopanga malamulo la dziko, ndipo anapitiriza kulamulira Magomero kwa zaka zambiri. Apa ndi pamene chiweruzo cha atsamunda chinapendekeka: chinadzudzula dzanja logwira chikoti, n'kusiya mutu umene unkalituma. Izi sizimuyeretsa Listonia, pakuti mboni zambiri zinanena za nkhanza zake. Zikungosonyeza kuti kumuchotsa iye sikukanathetsa vuto, ndipo sikunalithetsedi. Malamulo a 1917 ndi 1928 anangokonzakonza thangata, ndipo anthu a m'maesiteti anadikira mpaka 1962 kuti athetsedwe.

Kitty anabwerera ku Scotland ndi ana ake. Khanda lija linakula, linagwira ntchito kunja, ndipo pamapeto pake linakakhala ku Lismore, panyumba ya makolo, monga Baron of Bachuil ndi wosunga ndodo ya Moluag. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, khoti loona za mafuko ku Scotland linamuvomereza Alastair kukhala mfumu ya fuko la MacLea, limene a Livingstone a kumapiri amachokeramo. Anamwalira m'chaka cha 2008 ali ndi zaka zoposa 90, ndipo mwana wake Niall analowa m'malo. Ufumu wa banja limenelo ulipo lero chifukwa anthu okwiya, onyamula mikondo usiku wa ku Magomero, anamvera mawu oti mwana asaphedwe.

Mbiri ya mabanja amene ankalima thonje lija siinalembedwe m'zikalata zakale ngati za ku Bachuil. M'mabuku a kampani iwo ankapezeka ngati nyumba zowerengedwa ndi masiku a ntchito. Mayina a amayi amene anatsogolera mbumba zawo kuoloka malire, ndi a amalume amene anakapempha malo kwa akapitawo, anasungidwa pakamwa, m'maliro, m'chinamwali ndi m'nyimbo za pamtondo. Wolemba mbiri Landeg White atakhala m'midzi ya kumeneko nafunsa nkhalamba, anatulutsa buku lotchedwa Magomero m'chaka cha 1987, ndipo mbali yaikulu ya zimene dziko limadziwa za midziyi inachokera m'kamwa mwa agogo amenewo. Malo a Bruce anagulitsidwa pang'onopang'ono nkhondo yachiwiri itatha, ena kwa boma kuti anthu akhalepo, ena kwa eni maesiteti atsopano. Zidzukulu za anthu a thangata zikulimabe m'mbali mwa Namadzi, m'maboma a Chiradzulu ndi Zomba, paminda imene imacheperachepera m'badwo uliwonse ukagawana.