Amayi Otsogolera pa Zamsangulutso M'Malawi

Gombe la Senga Bay m'boma la Salima ndi amodzi mwa malo otchuka pa zamsangulutso m'dziko muno. Chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chidayamba m'chaka cha 2004, chidachitikira ku Salima mu 2008 ndiponso mu 2018. Nacho chikondwerero cha Sand Music Festival, chomwe adayambitsa malemu Lucius Banda, chachitikirapo kangapo pa gombe la Livingstonia. Pa zochitika zoterezi anthu amaona oyimba ndi ovina, koma kuseri kumakhala ena olemba, okonza ndondomeko ndi osunga chuma. Kumeneku ndiko kuli utsogoleri, ndipo amayi akhala akulowako pang'onopang'ono.

Pa chikhalidwe chathu utsogoleri wa amayi pa zoyimba si wachilendo. Chimtali ndi chisamba ndi magule a amayi, ndipo pa chinamwali namkungwi ndiye amatsogolera nyimbo ndi malangizo. Chidavuta n'chakuti zamsangulutso zitasanduka ntchito yopezerapo ndalama, magulu ambiri adakhala m'manja mwa abambo, pomwe mtsikana wokwera pa nsanja ankanenedwa kuti walowerera.

Mmodzi mwa amayi amene adatsegula njira ndi Gertrude Kamkwatira. Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, mayiyu adatsogolera gulu la zisudzo la Wakhumbata, kenaka adayambitsa lake la Wanna-Do. Ankalemba yekha masewero okhudza nkhanza za m'banja ndi matenda a Edzi, ndipo adakhalapo mtsogoleri wa bungwe la anthu a zisudzo la National Theatre Association of Malawi. Adamwalira mu 2006.

Pa zamafilimu pali Joyce Mhango Chavula, amene adayambitsa gulu la Rising Choreos. Filimu yake yotchedwa Lilongwe idapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Nigeria mu 2016, ngati filimu yoposa zonse kum'mwera kwa Africa. Naye Gloria Manong'a adatsogolerapo bungwe la oyimba la Musicians Union of Malawi, pomwe Dora Makwinja adayendetsa bungwe la COSOMA, lomwe limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito luso la ena n'kuzigawa kwa eni ake.

Mbiri ya amayiwa ikusonyeza kuti kupambana sikuyezedwa ndi kutchuka kokha. Wolemba sewero lotsegula anthu m'maso, wophunzitsa achinyamata luso, ngakhalenso woonetsetsa kuti woyimba walandira malipiro a thukuta lake, onsewa ndi opambana.

Choncho makolo ndi aphunzitsi asafulumire kuletsa mtsikana wokonda kuyimba kapena kuchita zisudzo. Chofunika ndi kumulimbikitsa sukulu, kumuteteza kwa omudyera masuku pamutu, ndi kumupatsa mpata wotsogolera, kuyambira m'kwaya ndi m'magulu a achinyamata. Paja m'mera mpoyamba.