Kodi sikani imaona bwanji za m'kati mwa thupi?

Funso: Mchemwali wanga atachita ngozi ya galimoto kuno ku Johannesburg, adokotala anamupaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo. Pomwepo ananena kuti magazi akutayikira m'kati. Nzeru imeneyi inachokera kuti?
Wowerenga wa ku Soweto

Yankho: Pepani ndi ngoziyo. Imeneyo ndi sikani ya ultrasound, ndipo imaona pogwiritsa ntchito mawu. Mukakuwa m'tsinde mwa phiri, mawu anu amabwerera. Kachipangizoko kamatumiza m'thupi mawu onjenjemera maulendo 2 miliyoni mpaka 15 miliyoni pa sekondi, amene sitingawamve chifukwa khutu lathu limalekezera pa 20,000. M'minofu mawuwa amathamanga mamita 1,540 pa sekondi, choncho makina akawerengera nthawi imene atenga kuti abwerere, amadziwa kuya kwa chiwalo chimene agunda.

Fupa limabweza mawu ambiri, ndiye limaoneka loyera. Madzi ndi magazi otayikira amangowalola kudutsa, n'chifukwa chake amaoneka akuda. Mdima umenewo ndi umene adokotala ankausaka pakati pa chiwindi ndi impso, kumbali kwa kapamba ndi m'chinena. Mafuta aja ntchito yake ndi kuchotsa mpweya pakhungu, poti mpweya umabweza pafupifupi mawu onse asanalowe.

Chiyambi cha nzeru imeneyi chili ku France. Mu 1880, Pierre Curie ndi mkulu wake Jacques anapeza kuti mwala wa quartz ukafinyidwa umatulutsa magetsi, ndipo posakhalitsa anatsimikizanso kuti ukaupatsa magetsi umasintha msinkhu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Paul Langevin anagwiritsa ntchito mwalawu kutumiza mawu m'madzi posaka sitima zoyenda pansi pa nyanja. Mu 1958, Ian Donald, dokotala wa amayi ku Glasgow, pamodzi ndi injiniya Tom Brown, anaonetsa kuti njirayi ingathe kuona zotupa m'mimba komanso mwana wosabadwa.

South Africa inawonjezapo yake. Pachipatala cha Hlabisa ku KwaZulu-Natal, Tom Heller ndi anzake anakonza njira yotchedwa FASH, yosaka zizindikiro za TB mwa anthu amene ali ndi HIV, monga madzi ozungulira mtima ndi mapapo.

Sikani ya ultrasound ilibe cheza chonga cha ekisire, motero amayi oyembekezera asaiope. Koma chithunzi chake chimafuna munthu wophunzitsidwa bwino kuchiwerenga, ndipo zipatala zathu ziyenera kuphunzitsa madokotala ndi anamwino ambiri luso limeneli.