Batani limodzi kapena mabatani khumi? Mkangano wa zaka zoposa 130 wafika pa kalabu yathu

Anzanga, amene munalipo pa msonkhano wa Loweruka lapitali mukukumbukira momwe tinakanganira za kamera imene tikufuna kugula ndi ndalama zathu zosonkha zija. Ena ankaloza chithunzi cha kamera yosalala, yopyapyala, yopanda zotundumuka, amvekere: "Yamakono ndi iyi basi." Ena ankati ayi, tigule yokhala ndi mabatani ambiri ngati ya atolankhani. Dzuwa linalowa tisanamvane. Musaganize kuti mkanganowu tauyamba ndife. Opanga makamera, mawailesi ndi mafoni akhala akulimbana nawo kuyambira kalekale, ndipo tisanaponye voti ndi bwino mudziwe momwe zakhala zikuyendera.

Tiyambire pa nthawi imene kujambula chithunzi inali ntchito yakalavulagaga. M'zaka za m'ma 1850, wojambula ankanyamula bokosi lalikulu lathabwa, miyendo yake itatu yoimikira, mabotolo a mankhwala, ndipo nthawi zambiri magalasi ndi tenti yamdima. Galasilo ankalipaka mankhwala pompo, n'kujambula, n'kulitsuka lisanaume. Akachedwa pang'ono, ntchito yonse yapita m'madzi. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa m'Zambezi umene unakwera Shire n'kufika kunyanja yathu mu 1859, anali mmodzi mwa anthu amene ankajambula zithunzi m'masiku ovutawo. Tangoganizani kusenza mankhwala ndi zida zotere m'bwato, kutentha kwa m'chigwa kuli pamutu.

Amene anasintha zinthu ndi George Eastman, yemwe poyamba anali kalaliki wa kubanki mu mzinda wa Rochester ku America. Mu 1888 anatulutsa kamera ya Kodak. Kanali kabokosi konyamula m'manja, kopanda ngakhale posuzumira. Ntchito yanu inali kukoka kachingwe, kupotokola kakiyi, n'kudina batani. M'kati munali kale filimu ya zithunzi 100. Mtengo wake unali madola 25. Filimu ikatha, munkatumiza kamera yonseyo ku fakitale ndi madola 10, iwo n'kukutsukirani zithunzi, kuikamo filimu ina, n'kukubwezerani. Malonda ake ankalengeza kuti inu mungodina batani, zotsalazo achita ndi iwo. Mu 1900 anatulutsanso Brownie, ya dola imodzi yokha, thupi lake lakatoni, moti ngakhale ana anayamba kujambula.

Apa pali mfundo imene muyenera kuigwira, chifukwa ibwereranso kutsogoloku. Eastman sanathetse zovuta za kujambula. Anangozichotsa m'manja mwanu n'kuzipititsa ku fakitale yake. Munapeza ufulu wojambula popanda kuphunzira za mankhwala, koma munataya mphamvu yosankha. Kukada, kamerayo inalibe chochita. Chinthu chikamathamanga, chithunzi chinkatuluka chosaoneka bwino. Ndipo filimu ikatha, ambiri ankangobwerera kwa mwini wake yemweyo.

Ku Germany kunabadwa maganizo ena. Oskar Barnack, katswiri wa pa kampani ya Leitz mu mzinda wa Wetzlar, ankadwala mphumu, ndipo kunyamula makamera olemera kunkamuvuta. Cha m'ma 1913 ndi 1914 anapanga kakamera kakang'ono kogwiritsa ntchito filimu ya 35mm, yomwe ankajambulira mafilimu a kanema. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inachedwetsa zinthu, ndiye kameraka kanayamba kugulitsidwa mu 1925 ndi dzina loti Leica. Nakonso kanali kophweka, koma mosiyana ndi Kodak. Barnack anasiya m'manja mwa wojambula zinthu zitatu zimene chithunzi chimadalira: kukula kwa kabowo kolowera kuwala, kutalika kwa nthawi imene kabowoko katseguke, ndi kulunjika kuti chimene mukufuna chioneke bwino. Chilichonse chinali ndi pake pogwira, ndipo zala zikazolowera munkasintha osayang'ana n'komwe. Ndiye mwaona, kuchepetsa kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina n'kuchotsa zosafunika kuti zofunikazo zikhale pafupi. Kwina n'kuchotsa ndi zofunika zomwe, wina azikusankhirani.

Nkhondo yachiwiri itatha, maganizo ochepetsa zokongoletsa anakula kwambiri ku Germany komweko. Mawailesi a nthawi imeneyo ankaoneka ngati makabati, matabwa opukutidwa bwino, nsalu kutsogolo, timizere tagolide. Mu 1955 mnyamata wina dzina lake Dieter Rams analembedwa ntchito ku kampani ya Braun. Chaka chotsatira, iye ndi Hans Gugelot anapanga SK 4, wailesi yokhala ndi choimbira malekodi, yoyera, yachitseko choonekera m'kati, yopanda chokongoletsa chilichonse. Anthu anaipatsa dzina lachipongwe, kuifanizira ndi bokosi lamaliro la mtsikana wa m'nthano. Mu 1958 kunabwera T3, kawailesi ka m'thumba, timabowo totulukira mawu mbali ina, kagudumu kosakira siteshoni mbali inayo, kwatha. Rams anatsogolera opanga maonekedwe a katundu wa Braun kuchokera 1961 mpaka 1995, ndipo mfundo yake yotchuka inali yoti zinthu zichepe koma zikhale zabwino koposa. Ambiri amene amamutamanda lero amagwira mbali yoyamba yokha. Amaiwala kuti iye ankanenanso kuti katundu wabwino ayenera kukhala wothandiza, womveka msanga kagwiritsidwe ntchito kake, ndiponso wokhalitsa.

Ku Japan, Sony inaonetsa kuti kuchotsa zinthu kungabale chinthu chatsopano. Pa 1 July 1979 inatulutsa Walkman. Mawailesi a kaseti a nthawiyo ankatha kutepa mawu ndipo anali ndi sipika. Walkman inalibe zonsezi. Ambiri ankakayikira ngati munthu angagule choimbira kaseti chosatepa. Koma chifukwa chochotsa zimenezo, chinapepuka moti munthu ankayenda nacho nyimbo zili m'makutu. Funsani amalume anu kuti kukhala nacho kunali kotani. Kuchotsa kumeneku kunali ndi phindu looneka: munataya sipika, munapeza nyimbo za paulendo.

Musaganize kuti mabatani ambiri ndiye analibe mlandu. M'zaka za m'ma 1980, makampani ankapikisana pa kuchuluka kwa zimene katundu wawo angachite. Makina oonetsera makaseti a vidiyo anali ndi mabatani osawerengeka, ndipo m'nyumba zambiri wotchi yake inkangophethira 12:00 chaka ndi chaka, chifukwa palibe amene ankadziwa kuitchera. Makamera nawo anayamba kusintha. Canon AE-1 ya mu 1976 inali ndi kaubongo ka kompyuta kothandiza kuyeza kuwala. Minolta 7000 ya mu 1985 inkalunjika yokha, ndipo m'malo mwa timagudumu takale inabwera ndi timabatani ndi kasikirini. Makamera a digito atafala, zosankha zinachuluka kwambiri n'kukabisala m'mamenyu. Pofuna kusintha kanthu kamodzi, munkadina kasanu, mkwati ndi mkwatibwi atadutsa kale.

Anthu atatopa ndi chipwirikiti chimenechi, Apple inapezerapo mwayi. Jony Ive, amene ankatsogolera za maonekedwe a katundu kumeneko, sankabisa kuti amasirira ntchito za Rams. Mukaika iPod ya mu 2001 pambali pa kawailesi ka T3 kaja, mungati ndi pachibale. Mu 2007 kunabwera iPhone, batani limodzi kutsogolo, zina zambiri pagalasi. Zinayenda, ndipo dziko lonse linatsanzira. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi ndi mdzukulu wa maganizo amenewo. Koma iPhone inabweranso ndi batire yomatiriridwa m'kati, pamene mafoni ambiri a nthawiyo munkangotsegula kumbuyo n'kusintha nokha.

Kenako kuchepetsa kunapitirira muyezo. Mu 2009 Apple inatulutsa iPod shuffle yopanda mabatani oimbira nyimbo pathupi pake. Anawaika pachingwe cha mahedifoni, kutanthauza kuti mahedifoni wamba sankatha kudumphitsa nyimbo kapena kukweza mawu. Mu 2010 mabatani anabwerera. Mu 2015 anatulutsa mbewa ya kompyuta yomwe kabowo kake kotchajira kali kumimba, moti ikamatchajidwa imagona chagada, simungaigwiritse ntchito. Chaka chomwecho anayamba kuika kiyibodi yopyapyala kwambiri m'malaputopu awo, yomwe kafumbi pang'ono kankatha kuijamitsa. Anaisiya patapita zaka zingapo, ndipo mu 2022 anavomera kulipira madola 50 miliyoni pa mlandu umene ogula anawasumira ku America. Mu 2016 anachotsa kabowo ka mahedifoni pa iPhone 7, ndipo pa MacBook Pro anachotsa polowetsa memory card ndi polumikizira HDMI. Ojambula zithunzi anayamba kuyenda ndi timaadaputala m'zikwama. Mu 2021 zonse ziwirizi zinabwerera pa MacBook Pro. Kampani yolemera chotero kubweza zimene inachotsa, eti inu mukuganiza kuti inangodzuka n'kusintha maganizo? Ogula anadandaula kwa zaka zisanu.

Pamakamera mkanganowu ukadalipo. Fujifilm inabweza timagudumu takale pa X100 imene inayamba kugulitsidwa mu 2011, ndipo anthu anaikonda chifukwa ungathe kuona zimene watchera kamera isanayatsidwe. Leica inalowera kwina: mu 2016 inatulutsa M-D, kamera ya digito yopanda sikirini yoonerapo zithunzi, mtengo wake woposa madola 5,000. Mu 2025 Sigma inatulutsa BF, yosemedwa kuchokera ku chibuma chimodzi cha aluminiyamu. Ndi yokongola zedi, shuwa. Koma ilibe posuzumira, ilibe poika fulashi, ilibenso polowetsa memory card. Zithunzi zimasungidwa m'kati, malo okwana 230GB. Kwa munthu wojambula mongosangalala, palibe vuto. Kwa wojambula pa ukwati masana dzuwa likuswa mtengo, sikirini siioneka bwino popanda posuzumira, ndipo kamera ikafa, zithunzi za eni ake zatsekeredwa momwemo.

Pali chitsanzo china chimene sichitchulidwa kawirikawiri pa nkhani za kukongola kwa katundu, koma ambirife tinachiona kunyumba. Nokia 1100 ya mu 2003 inalibe kamera, inalibe sikirini yamitundu. Inali ndi tochi pamwamba, mabatani osalowa fumbi msanga, m'mbali mosaterera, ndi batire yokhala masiku angapo. Inagulidwa yoposa 250 miliyoni padziko lonse. Nayonso inali yochepetsedwa, koma amene anaipanga anayamba afunsa kuti woigwiritsa ntchito akukhala kuti, magetsi amawapeza bwanji, ndipo usiku amayenda motani. Kampani ya Transsion ya ku China, eni ake a Tecno ndi itel, inakula mu Africa ndi nzeru yofananayo: malo a masimukhadi awiri kapena kuposa, batire yokhalitsa, wailesi ya FM. Kwa munthu wa ku California, simukhadi yachiwiri ingaoneke yosafunika. Kwa ife amene timasinthasintha netiweki potengera bandulo yotchipa ndi komwe ikugwira, ndi chinthu chachikulu.

Ngakhale maboma alowererapo. Mayiko a mu European Union analamula kuti kuyambira kumapeto kwa 2024, mafoni, makamera ndi zida zina zing'onozing'ono zatsopano zizikhala ndi potchajira pa USB-C. Mu 2023 anakhazikitsanso lamulo loti kuyambira 2027, mabatire a zida zambiri za m'manja azitheka kuchotsa ndi kusintha. Malamulowa ndi a kutali, koma amatikhudza, chifukwa katundu wopangira misika imeneyo ndi yemweyo amene amadzatipeza kuno, watsopano kapena wogwiritsidwapo kale ntchito. Foni yomatidwa ndi guluu ikafa batire, wokonza mafoni wa ku Limbe kapena ku Mzuzu amayenera kuitenthetsa kuti aitsegule, ndipo galasi likasweka potsegulapo, ndalama zawonjezeka.

Ndiye tibwerere ku kamera yathu. Mbiri yonseyi sikunena kuti yosalala ndi yoipa, kapena kuti ya mabatani ambiri ndiye yabwino. Walkman ndi Nokia 1100 zinachotsa zambiri n'kupambana. Makina a vidiyo aja anali ndi zonse koma anthu ankawaopa. Funso lofunika ndi lakuti: chachotsedwacho chapita kuti, ndipo alipire ndani? Ngati chachoka kuti katundu apepuke kapena atchipe, mwapindula. Ngati chachoka kuti aoneke bwino pachithunzi cha malonda, inu n'kumakagula adaputala padera, pamenepo akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kamera yathuyi idzagwidwa ndi manja ambiri, ena odziwa, ena ongoyamba kumene. Idzapita ku mpira kufumbi, idzajambula pa zinkhoswe kuti tipezeko kangachepe kothandizira kalabu, ndipo idzagwira ntchito ngakhale tsiku limene magetsi azima kuyambira m'mawa. Choncho amene mukubweretsa mayina a makamera Loweruka likubwerali, mubwere ndi mayankho a mafunso awa. Kodi batire yake imachoka, ndipo yapadera ingapezeke kuno pamtengo wanji? Kodi imalandira memory card wamba? Ili ndi posuzumira pojambula padzuwa? Zinthu zitatu za Barnack zija mungazisinthe ndi chala osalowa m'menyu? Nanga wongoyamba kumene angaitchere kuti izichita yokha, iye n'kungodina ngati Kodak ya Eastman? Ikawonongeka, alipo woikonza pafupi kapena mpaka Johannesburg?

Amene muli ndi kamera yakale ya filimu kapena Walkman ya makolo m'sutikesi, pemphani bwinobwino mubwere nayo, tidzaigwire tonse tisanavote. Ndipo amene simunamalize zosonkha, msungichuma akudikira.