Venice Monga Alendo Akhala Akuuonera Pofika

Mzinda wa Venice uli kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Italy, pakati pa dziwe lalikulu losaya la madzi amchere lomwe lili kumapeto kwa nyanja ya Adriatic. Unamangidwa pa tizilumba 118 tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400, ndipo pamene mizinda ina ili ndi misewu, Venice ali ndi ngalande zamadzi. Mpaka mu 1846 munthu sakanafikako mwanjira ina koma pabwato. Eni mzindawu ankadziwa kuti mlendo adzawaonera pamadzi, nchifukwa chake makomo aakulu a nyumba zawo, ndi zokongoletsa zonse, anaziyang'anitsa kungalande.

Anthu oyamba kukhala m'dziweli anali asodzi ndi ophika mchere. Ena anabwera pothawa nkhondo kumtunda, makamaka pamene asilikali a Attila anawononga midzi ya m'derali mu 452, ndiponso pamene mtundu wa Lombard unalowa mu Italy mu 568. Cha m'ma 537 nduna ina ya boma, Cassiodorus, inalembera kalata akuluakulu a m'dziweli. M'kalatayo inafanizira nyumba zawo ndi zisa za mbalame za m'madzi, ndipo inadabwa kuti mabwato ankawamangirira pakhoma la nyumba monga momwe ena amamangirira ziweto. Chuma chawo chachikulu chinali mchere.

Pamatope ofewa chonchi nyumba yamiyala siyingaime yokha. Amisiri ankakhomera mitengo yambirimbiri m'matopemo mothinana, pamwamba pake n'kuyala matabwa, kenako miyala yoyera yochokera ku Istria imene simwa madzi. Mtengo ukakwiririka m'matope mopanda mpweya suwola msanga, ndipo yambiri mwa mitengo imeneyi ikunyamulabe nyumba mpaka lero. Madzi akumwa ndiwo anali vuto. Pabwalo lililonse ankakumba chitsime chosunga madzi amvula, amene ankasefeka podutsa mumchenga, ndipo madzi a m'mipopi ochokera kumtunda anadzafika mu 1884.

Malonda ndiwo anasandutsa mudzi wa asodziwu kukhala dziko lodziimira palokha, lotsogozedwa ndi mtsogoleri wochita kusankhidwa wotchedwa Doge. Zombo zake zinkapita ku Constantinople ndi ku Alexandria kukatenga tsabola, zonunkhiritsa zina ndi nsalu za silika. Mu 828 amalonda awiri anabweretsa mafupa amene ankati ndi a Marko Woyera kuchokera ku Alexandria, ndipo tchalitchi chachikulu cha San Marco chinamangidwa kuti chiwasunge. Mu 1204 zombo za Venice zinanyamula asilikali amene anafunkha mzinda wa Constantinople, ndipo ziboliboli zinayi za akavalo zimene zinaikidwa pamwamba pa khomo la tchalitchicho ndi zina mwa zofunkhazo. Kukongola kumene alendo ankakusirira, mbali ina kunabwera ndi nkhondo.

Mlendo wochokera kunyanja ankayamba waona nsanja yaitali ya belu itatulukira pamwamba pa madzi. Akayandikira, ankaona zipilala ziwiri zazikulu zamiyala m'mphepete mwa doko, china chitasenza mkango wamapiko, chizindikiro cha Marko Woyera. Pambali pake panali nyumba ya Doge, yodzaza mazenera ndi makonde. Munthu wozolowera mizinda ya ku Ulaya ya nthawiyo, yozingidwa ndi malinga ataliatali, ankaona pano mzinda wolemera umene linga lake linali madzi osayawo, poti chombo cha adani chosadziwa njira chinkatitimira m'matope. Komabe si onse amene ankalowa molunjika. Pambuyo pa mliri woopsa wa mu 1348, boma linakhwimitsa malamulo a zaumoyo, ndipo mu 1423 linapatula kachilumba kena kuti kakhale kosungirako odwala mliri. Pambuyo pake anthu a m'zombo zokayikitsa ankayamba abindikiritsidwa pachilumba china kwa milungu ingapo, mzinda akuuonera patali.

Mu 1494 kazembe wa mfumu ya France, Philippe de Commynes, anamulandira pabwato n'kumudutsitsa mu Canal Grande, ngalande yaikulu imene imakhotakhota pakati pa mzindawu. Iye analemba kuti sanaonepo msewu wina wokongola kuposa umenewu. Chaka chomwecho wansembe wina wa ku Milan, Pietro Casola, anaima mu Venice podikira chombo chopita ku Yerusalemu, poti apaulendo ambiri opita ku Dziko Loyera ankakwerera kumeneko. Chimene chinamugwira mtima kwambiri chinali kuchuluka kwa katundu m'masitolo ndi m'nyumba zosungiramo malonda. Anaonanso kuti anthu okhala pakati pa madzi ankavutika ndi ludzu. Alendo a nthawi imeneyi ankaona mzinda wotanganidwa ndi ntchito: opanga zombo ku Arsenale, oumba magalasi ku Murano, kumene anawasamutsira mu 1291 poopa moto, ndi osintha ndalama ku Rialto.

Vasco da Gama atafika ku India mu 1498 pozungulira Africa, tsabola anayamba kulowa mu Ulaya kudzera ku Lisbon. Mphamvu za Venice sizinagwe tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono mzindawu unasintha. Pofika zaka za m'ma 1700 unkadziwika ndi zisudzo, nyimbo ndi chikondwerero cha Carnevale, ndipo ana a anthu olemera a ku England ankabwera kudzacheza n'kubwerera ndi zithunzi zojambulidwa ndi Canaletto. Zithunzizi zinachititsa kuti alendo azifika atauona kale mzindawu m'maganizo. Goethe, mlembi wa ku Germany, anafika pa 28 Seputembala 1786 pabwato lochokera ku Padua, ndipo ataona koyamba gondola, bwato lopalasa la mumzindawu, anakumbukira kachidole ka gondola kamene bambo ake anabwera nako kunyumba. Anachita chidwi ndi tinjira topapatiza, koma anadandaula ndi zinyalala zosasesedwa.

Mu 1797 Napoleon, mkulu wa asilikali a France, anathetsa boma la Venice, Doge womaliza, Ludovico Manin, n'kutula pansi udindo. Mzindawu unadzakhala nthawi yambiri pansi pa Austria mpaka pamene unalowa m'dziko la Italy mu 1866. Alendo a m'zaka zimenezi ankaona nyumba zosakonzedwa ndi doko lopanda zombo zambiri. Charles Dickens, mlembi wa ku England, anafika usiku pabwato mu 1844, ndipo zimene anaona anazilemba ngati maloto. Mark Twain, mlembi wa ku America, atafika mu 1867, anakhumudwa poyamba poona gondola yakuda bii, imene kwa iye inaoneka ngati yonyamulira maliro, ngakhale kuti kupenta mabwatowa zakuda unali mwambo wakale wolimbikitsidwa ndi malamulo oletsa kudzionetsera chuma.

Pakati pa maulendo a anthu awiriwa panachitika chinthu chimene chinasinthiratu kafikidwe ka alendo. Mu 1846 mlatho wa njanji unalumikiza Venice ndi kumtunda, ndipo John Ruskin, mlembi wa mabuku a The Stones of Venice, anadana nawo kwambiri. Dandaulo lake linali ndi maziko: wofika pasitima amalowera kumbuyo kwa mzinda, mbali imene eni ake sanaikonzere alendo. Mlatho wa magalimoto unatsatira mu 1933.

Lero alendo ambiri amatsikira pasiteshoni ya Santa Lucia kapena pamalo oimika mabasi a Piazzale Roma, n'kukwera vaporetto, bwato la injini limene limagwira ntchito ya basi. Chimene amayamba kuona ndi alendo anzawo. Anthu okhala m'chigawo chakale cha mzindawu anali pafupifupi 175,000 mu 1951, koma mu 2022 anatsika kufika pochepera 50,000, ambiri atasamukira kumtunda chifukwa cha kukwera mtengo kwa nyumba. Madzi osefukira nawo sanaleke kuvuta: pa 4 Novembala 1966 anakwera masentimita 194, ndipo mu Novembala 2019 anafika 187. Zitseko zotchinga madzi a m'nyanja, zotchedwa MOSE, zinayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2020. Mu 2021 boma la Italy linaletsa zombo zikuluzikulu zonyamula alendo kudutsa kutsogolo kwa San Marco, ndipo kuyambira mu Epulo 2024 mlendo wobwera kudzacheza tsiku limodzi amalipira ndalama yolowera pa masiku ena amene anthu amachuluka.