Manambala a pa mpope wa mfuti

Kwathu ku Kasina tinakula tikudziwa mfuti ziwiri, gogodela ndi chifefe. Gogodela ndi ija yothira onga kukamwa kwa mpope, n'kusinja ndi kachitsulo, kenaka n'kulongamo mtovu kapena tizitsulo. Chifefe chimamwaza timachaka tambirimbiri, ndipo chimayenera nkhanga ndi nkhwali. Koma fisi akazolowera khola la mbuzi, kapena njovu za ku Thuma ndi ku nkhalango ya Dedza-Salima zikalowa m'minda, amabwera ndi a gemu, ndipo iwo satchula mayina. Amangoti .303, .375, .458.

Nambalayi imatchedwa kaliba, ndipo imanena kukula kwa bowo la mpope poyeza ndi inchi. Bowo la .303 ndi mamilimita 7.7, pamene chipolopolo cha .375 ndi mamilimita 9.5. Kusiyanako sikufika pa njere ya mapira, komabe ina ndi mfuti ya nguluwe, ina ya njati, chifukwa chimene chimakula kwambiri ndi kulemera kwa chipolopolo ndi onga wochikankha. Kulemeraku amawerenga ndi magrain, ndipo magrain 7,000 ndiwo paundi imodzi. Chipolopolo cha asilikali cha .303, chija agogo athu a m'gulu la asilikali la KAR ankawomba ndi mfuti ya Lee-Enfield ku Burma mu 1944, ndi magrain 174, magalamu 11. Cha .375, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, nthawi zambiri ndi magrain 300, magalamu 19. Cha .458 ya Winchester, ya mu 1956, chimafika magalamu 32. Chifefe chokha chili ndi mawerengedwe akeake: ukaumba timipira 12 tofanana kuchokera ku paundi imodzi ya mtovu, kamodzi kamakwana ndendende m'bowo la 12 bore. N'chifukwa chake 20 bore ndi yaing'ono kwa 12 bore.

Chichewa chimasiyanitsa nyama ndi chilombo. Mlenje wotsata nyama akuganiza za ndiwo. Wotsata chilombo akuganiza za khola ndi ana opita kusukulu m'bandakucha. Opanga zipolopolo amagawa mwanjira ina: amayang'ana khungu ndi mafupa. Fisi ndi kambuku, ngakhale n'zoopsa, khungu lake ndi lopyapyala, ndiye zimafuna chipolopolo chofewa kunsonga, chimene chikalowa chimatambasuka ngati bowa n'kuononga mapapo ndi mtima. Njovu imafuna cholimba, chosapindika, choboola chigaza mpaka ku ubongo. Ukasinthanitsa, chofewa chija chimaphwanyikira pa fupa la njovu, cholimba chija n'kungodutsa m'thupi la kambuku n'kumusiya ali ndi mphamvu zolumphira munthu.

Amene akugula mfuti yake yoyamba amalakalaka imodzi yotha zonse, fisi ndi njati yomwe, choncho amathamangira nambala yaikulu. Pamenepa ndimatsutsa ndithu. Mfuti ikalira imakankha phewa, ndipo .375 imakankha pafupifupi kawiri kuposa .308. Wophunzira ikamupweteka kawiri katatu amayamba kutsinzina ndi kunjenjemera asanakoke chala, ndipo chizolowezi chimenechi sichichoka msanga. Chipolopolo chimene chimayenera kulowa kuseri kwa phewa la nyama chimakalowa m'mimba. Mfuti ya pakati monga .308, imene inabwera mu 1952, imakwanira fisi, nguluwe ndi mphalapala, ndipo munthu angathe kuyeserera nayo tsiku lonse osavulala. Njati iyambe yadikira. Ku Tanzania lamulo silimulola n'komwe munthu kuisaka ndi mfuti yochepera .375.

Ena amatchula W.D.M. Bell, mzungu amene anapha njovu pafupifupi 1,000 kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, zambiri ndi kamfuti ka mamilimita 7. N'zoona, ngakhale chiwerengerocho chimandiwawa mumtima. Koma Bell ankang'amba zigaza za njovu kuti aone pamene ubongo wakhala. Amene akumutchula lero chigaza sanachigwirepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa nkhani yonseyi ndi nyama yovulala. Njati yolasidwa molakwika imakabisala m'chiyangoyango n'kumadikira. Mlenje wathawa kale, ali kunyumba. Wokumana nayo ndi mayi wotola nkhuni kapena mnyamata woweta ng'ombe. Fisi wothyoka mwendo sathanso kuthamangitsa gwape, ndiye amabwerera kumudzi kumene chakudya sichithawa. Gogodela ndiye imavulaza koposa: njovu imatha kuyenda miyezi ndi tizitsulo m'mwendo, bala likutukusira, ndipo ikaona munthu siyembekeza. Mawu onse aja, kaliba, magrain, chofewa, cholimba, ndimawamva ngati njira zoonetsetsa kuti nyama igwe pomwepo.

Palinso mawu ena amene kwathu kuno amayamba manambala asanatchulidwe: chiphaso. Lamulo la mfuti la mu 1967 limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi chilolezo chochokera kupolisi, ndipo chiphaso cha mfuti si chiphaso chosakira. Lamulo la nyama zakutchire la mu 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limalola khoti kupereka zaka zofika 30 kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu. Choncho chilombo chikavuta ku Kasina, nkhani imapita kwa amfumu, amfumu n'kuitumiza kwa a gemu. Wopita ndi uthengawo asangoti chilombo chatisautsa. Anene ngati ndi fisi kapena kambuku, ngati phazi lake likuonetsa zikhadabo padothi, ngati chikutsimphina, ngati chili ndi ana. Phazi la fisi limasiya zikhadabo, la kambuku silisiya, ndipo a gemu akamva zimenezi amadziwa mfuti ndi zipolopolo zoti anyamule.