Foni Ikadzala: Mmene Mungacotsele Zithunzi Popanda Kuzitaya

Mafoni ambili amene tigwilitsila nchito kuno ku Chilenje, monga Tecno na itel, ali na malo a 32 GB kapena 64 GB. Mavidiyo a kwaya, a ukwati na a malilo amene amabwela pa magulu a WhatsApp amadzaza malo amenewa mwamsanga. Foni ikayamba kudandaula kuti yadzala, ambili amathamangila kucotsa zithunzi, poganiza kuti zinasungika kale pa intaneti. Apa m'pamene anthu amatayila zithunzi za makolo ao.

Google Photos na iCloud zimagwila nchito monga galasi. Zimene mwacita pa foni, zimacitikanso pa intaneti. Mukacotsa cithunzi mkati mwa Google Photos pamene backup ili yoyatsa, cimacoka konse kuwili. Cimayamba capita mu Trash kapena Bin, ndipo mungacibweze ngati mwazindikila msanga, koma masiku ake akatha cimafafanizika kothelatu. Pa iPhone cimakhala mu Recently Deleted masiku 30.

Njila yabwino ni iyi. Tsegulani Google Photos, dinizani kacithunzi ka akaunti yanu pamwamba, muone ngati palembedwa kuti backup yatha. Ndiyeno sankhani Free up space. Batani imeneyi imacotsa pa foni zokhazo zimene zinafika kale pa intaneti. Pa iPhone, yatsani Optimize iPhone Storage: foni imasunga tuzithunzi topepuka, zenizenizo zili ku iCloud. Dziwani cabe kuti kuzionanso kudzafuna bundle ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Conco cithunzi ca NRC, makalata a kucipatala na malisiti a sukulu, cili bwino zikhalebe pa foni.

Samalani na foda ya WhatsApp. Pa Android, Google Photos imayamba na zithunzi za kamela cabe. Mafoda ena muyenela kuwayatsa mwekha. Koma musayatse onse, cifukwa malo a pa intaneti naonso amatha. Google imapatsa 15 GB yaulele, yogawana pakati pa Gmail, Drive na Photos, pamene Apple imapatsa 5 GB. Kuyambila pa 1 June 2021, zithunzi zonse zatsopano zimawelengedwa pa 15 GB imeneyi, ndipo kuyambila mu 2024 backup ya WhatsApp pa Android nayonso imadyako. Ikadzala, Gmail imaleka kulandila makalata, ngakhale yokuitanani ku nchito.

Zinyalala zambili zili mu WhatsApp momwemo. Pitani ku Settings, Storage and data, Manage storage, mudzaona mafayilo opitilila 5 MB na aja otumizidwa kambili. Pomwepo zimitsani media auto-download ya mavidiyo.

Musanapeleke foni kwa okonza ku msika, lembani imelo na password yanu m'kabuku ka kunyumba. Foni ikafafanizidwa, zithunzi zimabwelela kupyolela mu akaunti imeneyo cabe. Komanso Google inalengeza mu 2023 kuti ingatseke akaunti imene yakhala zaka ziwili osatsegulidwa.