Zimene malamulo amaletsa kutaya m'mapaipi a suweji

Malamulo a dziko lino amaletsa munthu aliyense, kampani ngakhalenso nthambi ya boma kutaya m'mapaipi a suweji zinthu zimene zingaononge mapaipiwo, kuwatseka, kapena kusokoneza ntchito yosefa zonyansa. Boma la Neno lilibe mapaipi a suweji monga a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, komabe nkhaniyi ikukhudza maofesi, zipatala, sukulu ndi malo ogona alendo a m'bomali, kaamba koti madzi oipa ochokera m'malowa amakathera m'nthaka ndi m'mitsinje imene imathira mu Shire.

Malamulo okhudza nkhaniyi

Lamulo lakale pa nkhaniyi ndi la zaumoyo, la Public Health Act la 1948, lomwe linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira ngalande, zimbudzi ndi mapaipi a zonyansa. M'chaka cha 1995 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Waterworks Act, lomwe limayendetsa mabungwe asanu ogawa madzi, a Blantyre, Lilongwe, komanso a zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera. Lamuloli linawapatsanso mphamvu zoyendetsa ntchito za suweji, ngakhale kuti kwa zaka zambiri ntchitoyi inakhalabe m'manja mwa makhonsolo a mizinda.

Malamulo ena awiri amateteza mtsinje kumene zonyansazo zimakathera. Lamulo la Water Resources Act la 2013, lomwe linalowa m'malo mwa la 1969, linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority ndipo limafuna kuti aliyense wothira madzi oipa mumtsinje akhale ndi chilolezo. Lamulo la Environment Management Act la 2017 linalowa m'malo mwa la 1996 ndipo linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority. Nalo bungwe la Malawi Bureau of Standards linaika miyezo yake, ya MS 539 pa madzi oipa ochokera m'mafakitale, ndi ya MS 691 pa madzi a suweji ochokera m'nyumba.

Zinthu zoletsedwa ndi zifukwa zake

Gulu loyamba ndi la zinthu zimene zimatseka kapena kuphwanya mapaipi. Paipi ya suweji anaikonzera chimbudzi cha munthu, mapepala ofewa a m'chimbudzi ndi madzi osambira kapena otsukira ziwiya basi. Mchenga, phulusa, miyala, zitsononkho, nsanza, matewera, makondomu ndi majumbo sizisungunuka m'madzi, kotero zimaunjikana pamene paipi yakhota mpaka zonyansa kuyamba kusefukira m'misewu. Mafuta ophikira nawo amalowa ali amadzimadzi, koma akazizira amaundana n'kumata m'mbali mwa paipi. Ichi n'chifukwa chake malo odyera ndi makhitchini a sukulu zogonera pompo amayenera kukhala ndi kathanki kotchinga mafuta madzi asanalowe m'paipi yaikulu.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala, nthunzi ndi madzi otentha kupitirira madigiri 43 pamene zingaike moyo wa anthu pachiswe. Malo osefera suweji, monga a ku Kauma mu Lilongwe ndi a ku Soche, Limbe ndi Chirimba mu Blantyre, amadalira tizilombo ting'onoting'ono timene timadya zonyansa ndi kuziwoletsa. Asidi wa m'mabatire, penti, mankhwala ophera tizilombo ta m'munda ndi mankhwala osambitsira ng'ombe zimapha tizilombo tothandizati. Tikafa, madzi amatuluka pamalo osefera ali oipa monga momwe analowera, n'kukathira mumtsinje. Mtsinje wa Mudi mu Blantyre wakhala chitsanzo chodziwika cha mtsinje woonongeka ndi zonyansa za m'mafakitale komanso za m'mapaipi ophulika.

Gulu lachitatu ndi la zinthu zoyaka ndi zophulika. Lamulo limatchula mwachindunji petulo ndi kabaidi, mwala umene owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito. Petulo amayandama pamwamba pa madzi ndipo mpweya wake umadzadza m'paipi, moti kamoto kakang'ono kangathe kuphulitsa paipi yonse. Kabaidi akakhudzana ndi madzi amatulutsa mpweya woyaka. Oyilo wakutha wa m'magalaja sayaka msanga, koma amaphimba madzi ndi kutsekereza mpweya umene tizilombo tosefa timafuna.

Madzi a mvula nawo saloledwa kulowa m'paipi ya zonyansa popanda chilolezo. Madzi ochokera pamadenga akalumikizidwa ku suweji, paipi imadzadza m'nyengo ya dzinja ndipo zonyansa zimabwerera m'nyumba. Momwemonso madzi a m'chimbudzi saloledwa kuthiridwa m'ngalande za madzi a mvula, poti ngalandezi zimapita kumtsinje osadzera kosefera. Fakitale imene ikufuna kuthira madzi ake m'paipi ya khonsolo iyenera kuyamba yapempha chilolezo, ndipo ikhoza kulamulidwa kuti izisefa madziwo pamalo pake.

Mmene nkhaniyi ikukhudzira Neno

Boma la Neno linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003 litapatulidwa ku Mwanza, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti munali anthu oposa 138,000. Mabanja ambiri m'madera a mafumu Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba. Zimbudzi zamadzi zimapezeka makamaka paboma, m'zipatala monga chachikulu cha Neno ndi cha Lisungwi, m'nyumba zina za ogwira ntchito m'boma ndi m'malo a malonda monga Zalewa, ndipo zimathira m'matanki okwiriridwa pansi.

Thanki yotere imagwira ntchito mofanana ndi malo osefera a mumzinda, kungoti ndi yaing'ono. Zolemera zimakhala pansi n'kumawola, pamene madzi amadutsa kupita m'dzenje la miyala kumene amalowerera m'nthaka. Chilichonse choletsedwa m'paipi ya khonsolo chimaononganso thankiyi. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zokonzera zimachokera m'thumba la ofesi, sukulu kapena mwini nyumba, ndipo mankhwala olowerera m'nthaka angathe kufika m'zitsime ndi m'mijigo ya anthu oyandikana nawo.

Mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi imathira mu Shire, mtsinje umene uli malire a bomali chakummawa. Bungwe la Blantyre Water Board limapopa madzi ambiri a mzinda wa Blantyre mu Shire pa Walker's Ferry, kufupi ndi malo opangira magetsi a Nkula. Choncho galimoto yopopa zimbudzi imene ikukhuthula zonyansa m'khwawa kapena m'mphepete mwa mtsinje ikuphwanya lamulo, ndipo ikuika pachiswe anthu ochuluka kuposa a m'mudzi umodzi. Mliri wa kolera umene unabuka m'mwezi wa March 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino kuphatikizapo Neno, ndipo pofika m'chaka cha 2023 unali utapha anthu oposa 1,700.

Udindo wa ogwira ntchito m'boma

Lamulo la Local Government Act la 1998 limapatsa makhonsolo udindo pa zaukhondo komanso mphamvu zopanga malamulo ang'onoang'ono a m'dera lawo. Povomereza mapulani a nyumba, akuluakulu a khonsolo ayenera kuonetsetsa kuti mapaipi a madzi a mvula ndi a zonyansa ndi olekanitsidwa, ndiponso kuti thanki ili kutali ndi chitsime kapena mjigo. Galaja, malo otsukira galimoto ndi malo ophera nyama ziyenera kusonyeza kumene zidzatayire oyilo, magazi ndi ndowe zisanapatsidwe chiphaso cha malonda.

M'zipatala, mankhwala otha mphamvu, majakisoni ndi nsalu zomangira mabala zili ndi njira yake yotayira ndipo siziyenera kuponyedwa m'chimbudzi. Oyang'anira maofesi ndi sukulu ayenera kuika ndalama zopopera matanki mu ndondomeko ya chuma ya chaka, komanso kufunsa wopopayo chiphaso chake ndi malo amene akukakhuthula asanasaine naye mgwirizano. Amene wapezeka akutaya zoletsedwa angathe kutengeredwa kubwalo la milandu, kulipitsidwa chindapusa, ndi kulamulidwa kukonza zimene waononga.